Bokosi Limene Anatiletsa Kutsegula

Inu owerenga, ine ndinatsala pang'ono kupereka mwana wanga ku imfa ndi manja anga awiriwa, ndipo ndinkachita zimenezo ndikumwetulira, mpaka kumadzitama nazo pamsika. Ndikulemba izi kuti bambo wina amene akusirira galimoto ya mnzake monga ndinkachitira ine ayambe waima, afunse funso limene ine ndinachita nalo manyazi.

Ndimakhala m'mudzi wina kufupi ndi Domwe, kuno ku Angonia. Ndimalima kachewere ndi chimanga ngati wina aliyense, koma ntchito imene anthu amandidziwa nayo ndi ya udzukulu. Zovuta zikagwa m'mudzi mwathu ndine ndimatsogolera anzanga kukumba manda, kusambitsa maliro a amuna ndi kutsitsa bokosi. Ndinaiyamba tili kothawa nkhondo ku Malawi, kumene tinkaika anthu pafupipafupi, ndipo titabwerera kwathu ndinangopitiriza. Anthu amatiseka adzukulufe kuti tikangomva wina akutsokomola timayamba kunola makasu. Nafe timaseka nawo, poti tikudziwa kuti wosekayo tsiku lina adzadutsa m'manja mwathu momwemu.

Mwana wamwamuna ndili naye mmodzi, Felisiyano, ena onse ndi aakazi. Anamaliza shikola ku Ulongwe, ntchito osaipeza, n'kubwerera kudzagwira khasu pambali panga. Anali atapeza mbeta cha ku Fonte Boa, koma kwa akaziwo ndi Angoni enieni, ankafuna ng'ombe za malowolo, pamene m'khola mwanga munali zokoka ngolo zokha. Zimenezi zinkandidya mumtima. Bambo wolephera kulowolera mwana wake amayenda chozolika ngakhale palibe amene wamunena.

Ndiye kunatulukira a Bonifasiyo. Awa anali akompadire anga, ndiwo anagwira Felisiyano pa ubatizo, choncho kwa iye anali apadirinyu ake. Tinakulira limodzi, ndipo kothawa nkhondo kuja tinafundapo bulangete limodzi nyengo yachisanu. Mtendere utabwera anapita kumwera, ku Gaza, kufupi ndi malire a Joni, n'kuchona zaka zambiri. Pobwera anabwera pa galimoto ya matayala aatali, n'kumanga nyumba ya mpanda pa Domwe. Ankati amayang'anira famu ya mzungu wina, ndipo patarau wawoyo, bwana wa famuyo, amakonda anyamata a ku Angonia chifukwa ndi olimba, samwa kwambiri, ndiponso sakhala ndi abale kumeneko owasokoneza.

Muyenera kudziwa kuti kwathu kuno munthu wochokera kumwera sitimufunsa zambiri. Agogo athu ankapita kumigodi, kubwerako ndi njinga ndi jekete, ndipo palibe ankafunsa kuti pansi pa nthaka ankatani. Tinazolowera kuyang'ana sutikesi. Kuwonjezera apo, kompadire sumupanikiza ndi mafunso ngati wapolisi, ndi mwano umenewo.

Woyamba kutengedwa m'mudzi mwathu anali Arimando, mnzake wapamtima wa Felisiyano, mwana wa aNangozo, mayi wamasiye amene tinayandikana nawo nyumba. Mayiwo ankakayika, ndipo amene anawalimbitsa mtima kuti amulole ndine. Sipanapite nthawi, denga la aNangozo linavala malata. Dzuwa likawomba malatawo ankandithobwa m'maso ndili pakhonde panga, ndipo kunena zoona nsanje inandigwira. Tsiku lina ndinapanira tambala m'khwapa, ulendo ku Domwe kukagwada kwa a Bonifasiyo kuti amukumbukirenso mwana wawo wa ubatizo. Ananyinyirika pang'ono monga amachitira munthu wofuna kuti umuthokoze kawiri, kenaka anavomera kuti ulendo wotsatira adzamutenga.

Ndinalengeza nkhaniyi paliponse, pamsika wa kachewere, pachigayo, ngakhale kumanda tikukumba. Akazi anga okha ndiwo sanasangalale. Anandifunsa kuti ndi ntchito yanji yomangitsa nyumba ya malata mvula imodzi, pamene mphunzitsi akukalambira m'nyumba ya eni. Anandiuzanso kuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Ine ndinawayankha kuti nkhani za amuna azisiye. Felisiyano naye anayamba kukhala duu, kudya pang'ono, ndipo ine ndinkati akulingalira za mbeta yake imene aisiye.

Nthawi yachisanu itafika, uthenga unabwera pa telefoni kuti Arimando wamwalira pangozi ya galimoto. Patapita masiku, galimoto ya matayala aatali ija inalowa m'mudzi masana, bokosi lili kumbuyo. Linali bokosi lonyezimira, lalikulu kuposa amene amakhoma akalipentala athu, lomangidwa ndi misomali yopota ndiponso lomatidwa m'mphepete monse. A Bonifasiyo anatsika akulira kuposa abale. Anatiuza kuti thupi linaonongeka kwambiri, madokotala aletsa kutsegula, ndipo tingoika mmene lilili. Atandikokera pambali anandinong'oneza kuti abwerera kumwera tikangochoka kumanda, Felisiyano akonzeretu chikwama chifukwa malo a Arimando ali opanda munthu. Inu owerenga, ndinawathokoza. Bokosi la mwana wa mnzanga lili apo, ine ndinaomba m'manja kuthokoza kuti wanga akalowe m'malo mwake.

M'mawa mwake, ndisanapite kumanda, akazi anga anandiuza zimene zinachitika m'siwa, nyumba imene munagona maliro. Usiku a Bonifasiyo anabwera mobwerezabwereza kupempha amayi ogonera maliro kuti atuluke pang'ono, ati iwo ndi dalaivala wawo athire mankhwala oletsa fungo. Amayi anakana, poti kwathu maliro sasiyidwa okha ngakhale kamphindi, ndipo aNangozo anali atakolekera mkono pabokosilo osafuna kusuntha. Ndinangoti akompadire aiwala mwambo chifukwa chokhalitsa kunja, n'kunyamula khasu langa.

Dzenje litafika m'chiuno, a Bonifasiyo anatipeza kumandako atatenga mbuzi yathunthu ndi chigubu cha vinyu, zinthu zimene adzukulu sitinalandirepo pamaliro a mwana wa mayi wamasiye. Anzanga maso anawala. Pempho lawo linali lakuti bokosi lisanyamulidwe pamapewa monga timachitira, koma likwere galimoto, iwo ndi dalaivala atsogole nalo awiriwiri, anthu azibwera pambuyo. Anati ndi ulemu wa masiku ano. Ndinali pafupi kuvomera pamene kunabwera uthenga kuti aNangozo akundifuna kusiwa.

Ndinawapeza atakhala pansi, mawu atatha ndi kulira. Anandigwira mwendo pamaso pa amayi onse.

"Inu ndinu mudati ndimulole apite," anatero. "Ndionetseni nkhope yake. Ikakhala kuti palibe, ndionetseni ngakhale chala, ndichidziwa."

Ndinabwerera kumanda. M'njiramo ndinayamba kuganiza zimene ndinayenera kuganiza kalekale. Pa udzukulu wanga ndagwirapo anthu oombedwa ndi mphenzi, oponda mabomba okwirira, okokoloka ndi madzi n'kupezeka patapita masiku, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene tinamuika osamusambitsa. Nanga munthu angafunirenji chotere kutsala yekha ndi maliro a mwana wa eni? Ndinawafotokozera anzanga. Mmodzi, amene anali atalawa kale vinyu uja, anati tisataye mbuzi chifukwa cha misozi ya mayi, poti mayi aliyense amalira. Tinakangana ndithu, koma pamapeto pake tonse tinatuluka m'dzenje, tinapingasa makasu pamulu wa dothi, n'kukakhala pansi pa mtengo.

Kwa amene simudziwa mwambo wathu, adzukulu akaika makasu pansi ndiye kuti maliro aima. Abale sangakumbire m'bale wawo, ndipo ngakhale mfumu singatole khasu. Kawirikawiri timachita zimenezi pa zifukwa zazing'ono, monga banja limene silipita pamaliro a anzawo, kapena chakudya chikachedwa, ndipo nkhuku imodzi imathetsa mlandu. Tsiku limenelo ndi loyamba limene ndinagwiritsa ntchito mphamvu imeneyi pa chinthu chenicheni.

Dzuwa linakwera, anthu ali pamaliro kudikira, akatekisita akubwereza nyimbo zomwezomwezo. Amfumu, nkhalamba yofatsa yoyenda ndi ndodo, anabwera kudzafunsa chimene chatilakwira. Ndinawauza kuti sitiika munthu amene sitinamusambitse. A Bonifasiyo anafika atafiira maso, kundikumbutsa za bulangete lija, za ubatizo, za ubale wathu wonse. Ataona kuti sindikudzuka, anawerama n'kundiuza chapansipansi kuti ndikawachititsa manyazi, mwana wanga adzakalamba akupalasa dothi ngati nkhuku. Sindinama, mawu amenewo anandilasa, ndipo ndinatsala pang'ono kutola khasu. Chinandiletsa ndi malo amene mayi uja anandigwira pamwendo, ndinkamvabe zala zake. Amfumu anatsokomola n'kunena kuti pamaliro mwini mawu ndi mdzukulu, iwo alibe chowonjezera.

Tinalowa m'siwa ine ndi adzukulu awiri achikulire, amayi n'kutuluka, aNangozo okha atakhala pakhomo. Pankafunika munthu wobweretsa madzi ofunda, ndipo ndinaitana Felisiyano, ngakhale kuti ntchito imeneyi sitipatsa anyamata. Ndinkati atsanzikane ndi mnzake. Tinamasula misomali ija, tinadula zomatira, n'kutukula chivundikiro. Za fungo sindinena. Nkhope ya Arimando inali yathunthu, manja ndi miyendo zosathyoka. M'nthiti munali kabowo kakang'ono, kumsana bala lalikulu, ndipo anali atamumanga ndi malaya ake omwe. Aliyense amene anaona nkhondo ija amadziwa chimene chimalowa mochepa n'kutuluka mokula. Mapazi ake anali odzaza ndi minga.

Pamene tinamutukula kuti timugoneke pamphasa, thabwa la pansi pa bokosi linagwedezeka. Tinalikanula ndi mpeni, ndipo pansi pake panali malo obisika, mutagona zinthu ziwiri zokulungidwa m'mapulasitiki akuda. Chimodzi chinali chachitali ngati mkono wanga, chopindika, chinacho chachifupi. Kumatsinde kwake kunali nyama youma ndi zipsera za nkhwangwa. Madoda atatu tinayang'anana, palibe amene anadziwa kuti n'chiyani. Amene anayankhula anali Felisiyano, beseni la madzi lili m'manja.

"Ndi nyanga za chipembere, bambo."

Ndinamufunsa kuti wadziwa bwanji.

"Apadirinyu adandiuza kuti ine ndizikanyamula nkhwangwa ndi madzi, wina mfuti. Ndimafuna kukuuzani, koma mudali mutauza kale Domwe yense kuti mwana wanu wapeza ntchito."

Inu owerenga, ndamvapo mawu opweteka pamoyo wanga, koma awa anaposa onse. Mwana wanga ankadziwa kumene akupita, ankaopa, ndipo anali wokonzeka kukafa kuti bambo wake asachite manyazi pamsika.

Adzukulu tili ndi lamulo lakuti zimene waona pathupi la malemu umapita nazo kumanda kwako, suuza ngakhale mkazi wako. Ndalisunga lamulo limeneli moyo wanga wonse, koma tsiku limenelo ndinaliphwanya dzuwa likuswa mtengo. Ndinatuluka m'siwa nyanga zija nditazikweza m'mwamba, imodzi dzanja ili, ina dzanja ili, n'kuuza khamu lonse kuti Arimando sanafe pangozi ya galimoto, waphedwa ndi chipolopolo, ndipo munthu amene anamutenga wamusandutsa thumba lonyamuliramo katundu wake. Kenaka amayi anayamba kulira kulira kwina, kwaukali.

A Bonifasiyo anali atayamba kale kusendera kugalimoto. Koma njira yolowa m'mudzi mwathu ndi yopapatiza, ndipo pamaliro pamakhala ngolo zobweretsa nkhuni ndi chimanga. Anyamata anakankha ngolo ziwiri n'kutseka njira, galimoto ya matayala aatali ija n'kusowa kolowera. Dalaivala anatsika n'kuliyatsa liwiro kudutsa m'munda, koma anakatitimira m'matope a kudimba, kumene anakamuzula ngati chinangwa. Anthu anawazinga a Bonifasiyo, ena atatola miyala, ena akuitanitsa petulo. Apa ndi pamene aNangozo anaimirira, mayi amene anali ndi chifukwa chowaphera kuposa tonse, n'kunena kuti atopa ndi maliro, munthuyo asiyidwe akayankhe ali moyo. Ine ndinawonjezera kuti aliyense amene amuphe akumbe yekha manda, adzukulu sitikumba dzenje lachiwiri. Ena anaseka, miyala inagwa pansi, ndipo tinawamanga onse awiri ndi zingwe za ng'ombe. Mnyamata wina anathamanga pa njinga yamoto kukaitana apolisi ku Domwe.

Apolisi anabwera ndi wachipatala, anaona bala, anatenga nyanga ndi anthu awo, n'kutilola kupitiriza mwambo. Tinamusambitsa Arimando bwinobwino, tinamuchotsa minga kumapazi, tinamuveka malaya oyera. Mayi ake analowa, anamugwira pachipumi, anamuyankhula mawu awo, kenaka anatiuza kuti tsopano titha kutseka. Tinamunyamula pamapewa mudzi wonse uli pambuyo, ndipo Felisiyano sanalole kulandiridwa mpaka kumanda. Ndaika anthu ambiri, koma sindinamvepo nyimbo ya maliro ikuimbidwa mwamphamvu ngati tsiku limenelo. Tinali ndi chisoni, komanso tinali ngati anthu amene apha fisi amene wakhala akutha mbuzi m'khola.

Zotsala tinazimva pambuyo pake, chifukwa dalaivala uja atafika kupolisi ku Ulongwe anamasula zonse. Famu ya mzungu kunalibe. Anyamata ankawalowetsa m'nkhalango yosungira nyama kutsidya kwa malire, atatuatatu, kukasaka zipembere. Gulu la Arimando linapha chipembere, koma pobwerera linakumana ndi oteteza nyama, mfuti zinalira, iye n'kulasidwa. Anzake anamukokera mpaka kudutsa waya wa pamalire, ndipo akanatha kupita naye kuchipatala, koma a Bonifasiyo anaopa mafunso, mwana wa eni n'kufera m'nyumba yobisika. Ndiye anaganiza kuti bokosi la maliro limadutsa paliponse apolisi atavula zipewa. Nyangazo ankati azitulutse tisanaike maliro, kuti ziwoloke malire a Malawi zili m'matumba a kachewere, kachewere wathu yemweyu, kupita kwa wogula. Chimene anaiwala n'chakuti kwawo kuno maliro ali ndi eni ake.

Mawu a dalaivala anagwiritsa anthu enanso, wina ku Tete, wina kutsidya kwa malire. A Bonifasiyo khoti linawapeza olakwa ndipo ali m'ndende mpaka lero, galimoto ija ikuchita dzimbiri kupolisi, nkhuku zikuikira pansi pake. Chimene chinandiopsa n'chakuti makolo a m'midzi ina anayamba kubwera kwathu mmodzimmodzi, aliyense kunena kuti naye mwana wake anali atalonjezedwa ntchito ya pafamu. Ena anali atapereka kale tambala wawo monga ine.

Patapita milungu kunabwera afisikale, ndiye kuti oteteza nyama zakutchire, kudzayankhula nafe pabwalo la tchalitchi Misa itatha. Pakati pawo panali mayi wina wamfupi, wa nsapato zazikulu, amene anayendetsa telefoni yake kuti aliyense aone kanema amene anali mmenemo. Umu ndi mmene ndinaonera chipembere koyamba, ine wa imvi kale. Chinali chitagona chakufa, kumaso atakugoba ndi nkhwangwa, ndipo kamwana kake kankachigunda ndi mutu kufuna kuyamwa. ANangozo atayang'ana anabweza telefoni msanga n'kufunda chitenje kumaso. Mayi uja anatiuza kuti nyanga imene anthu akuferayi ndi chimodzimodzi chikhadabo kapena chiboda cha ng'ombe, sichiza matenda alionse, kungoti olemera a maiko akutali amaigula pofuna kuonetsa kulemera. Anatinso chipembere chimatenga bere kupitirira chaka n'kubereka mwana mmodzi, choncho zikamaphedwa sizibwerera msanga ngati mbuzi.

Ndinakumbuka kuti agogo anga aamuna ankasimba za zipembere kumunsi, kuzigwa zotsikira ku Zambezi, ndipo tinkayesa nthano. Zinalikodi, koma minda ndi moto zinazilanda malo, zotsala mfuti zinamaliza, mpaka m'dziko lathu lino zinatheratu. Afisikale anatiuza kuti tsopano zina zabweretsedwanso kunkhalango ina ya kumwera, zikulonderedwa usana ndi usiku, ndipo zayamba kuswana. Nditamva zimenezo ndinasangalala ngati ng'ombe yanga yabereka, ine amene ndinatsala pang'ono kutumiza nkhwangwa kumeneko. Ndinazindikiranso kuti amene amagula nyanga salowa m'tchire, ndipo amene amatuma anyamata salasidwa. Amene amafa ndi chipembere ndi mwana wa mlimi.

Kuchokera pamenepo tinapangana zinthu ziwiri m'mudzi mwathu, ndipo adzukulu a midzi yoyandikana nafe anazilandira. Aliyense wofuna kutenga anyamata kupita nawo kuntchito amayenera kuima pabwalo n'kunena dera, dzina la ntchito ndi njira yolankhulirana ndi anawo, makolo onse akumva. Ndipo bokosi lililonse lochokera kutali limatsegulidwa, pakhale wachipatala ngati pakufunika kutero, koma litsegulidwe. Chaka chathachi kunabwera wina wa nsapato zosongoka kufuna anyamata a pafamu. Atamva kuti aime pabwalo anati akukatenga mapepala, ndipo mpaka lero akuwatengabe.

Sikuti onse amandiyamika. Alipo amene amati ndinagulitsa kompadire wanga, ndipo akazi a a Bonifasiyo tikakumana pamsika amayang'ana kumbali. Adzukulu ena achikulire amati ndinaipitsa ntchito poulula za pathupi la malemu. Zimandiwawa, makamaka ndikakumbuka kuti munthu uja tinavutikira limodzi. Chimene chimandiwawa koposa ndi aNangozo, amene sanandinenepo mawu oipa chichitikireni zimenezi. Ndimawalimira munda wawo ndi ng'ombe zanga chaka chilichonse, koma ndikudziwa kuti mizere ya chimanga sibweza mwana.

Felisiyano anakhala masiku osandiyankhula. Chikwama chija anachimasula yekha, zovala n'kubwezera pachingwe. Tsiku lina tikupalira ndinaimika khasu n'kumupepesa, chinthu chimene bambo wachingoni sachita kawirikawiri. Iye anangoti zatha, tipalire dzuwa lisanakule. Ndinamupatsa dimba lonse kuti azilima kachewere wothirira. A kwa mbeta yake anali pamaliro paja ndipo anaona zonse, choncho anatumiza mawu kuti malowolo satha tsiku limodzi, ng'ombe zizibwera pang'onopang'ono, iwo akufuna mkamwini wamoyo. Ukwati unachitika, ndinavina ngoma mpaka bondo linatupa, ndipo pano ndili ndi mdzukulu weniweni, wa m'nyumba, amene amandikoka ndevu.

Ndiye inu owerenga, makamaka abambo anzanga, munthu akabwera ndi ntchito ya mwana wanu mufunseni kuti ndi ntchito yanji, kuti, ndipo ya yani. Akhale m'bale wanu, akhale kompadire, mufunseni, ndipo akakwiya ndi funsolo mwadziwa kale yankho. Musalengeze pamsika mwana wanu asanakuuzeni za kumtima kwake, chifukwa ana athu amatiopa ndipo amatha kufa pofuna kutisungira ulemu. Anyamata, wina akakuuzani za nyanga, dziwani kuti akukuonani ngati nkhwangwa yake, ikathyoka agula ina. Ndipo mukadziwa kanthu kauzeni apolisi kapena afisikale, chifukwa mukatero mwapulumutsa nyama imene yatsala pang'ono kutha, ndiponso mwana wa mnzanu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Felisiyano analowa udzukulu mwa kufuna kwake. Sabata yathayi tinali kumanda, iye ali m'dzenje akuponya dothi, ine nditakhala pamulu chifukwa msana wayamba kukana. Anzanga anayamba kundiseka kuti mnyamatayu akuphunzira mwakhama chotere kuti adzakumbe anga owongoka bwino. Ndinaseka nawo mpaka misozi, ndipo sanadziwe kuti misoziyo inali yachimwemwe chenicheni. Ndi mmene ziyenera kukhalira. Mwana wanga ndiye adzakumbe manda anga, ine sindinakumbe ake.